Chaka Chimene a Sikelo Anasankha

A Sikelo sankakhulupirira chinthu asanachiyeze katatu. Anagwira ntchito yoyendera masikelo m'misika zaka makumi atatu, ndipo dzina lawo lenileni linatayikira komweko. Ngakhale sopo wosambira ankamuyeza Loweruka lililonse kuti agwire amene akumuwononga. Akazi awo ankati, "Ine ndinakwatiwa ndi sikelo, mwamunayu anangobwera ngati basera."

Atapuma pantchito n'kulandira ndalama zawo zonse pakamodzi, mpongozi wawo anawaonetsa zowerengera za pafoni, zija zimakuuza ndalama zoti uzitapa pamwezi kuti zisakuthere panjira. Anayesa zitatu. Choyamba chinati ndalamazo n'zokwanira, asadandaule.

"Chabodza ichi. Chikundinyengerera ngati wogulitsa nyama."

Chachiwiri chinafunsa ngati amakonda maulendo apandege. Anachitseka osayankha. Chachitatu chinangofunsa kuti akuganiza kuti adzamwalira ali ndi zaka zingati.

"Ichi ndiye chaulemu, sichipita m'mbali," anatero, n'kulemba 80.

Kuyambira pamenepo zonse zinkayezedwa ndi chaka chimenecho. Wosoka nsapato atawauza kuti angogula zina, iwo anati, "Zanditsalira zaka khumi ndi ziwiri. Ikani chigamba cha zaka khumi ndi ziwiri." Kwa kalipentala anabwezako mpando ati walimba kwambiri, iwo salipirira zaka zimene sadzakhalapo. Ndalama anazigawa m'maenvelopu, mwezi uliwonse yakeyake, n'kuziika m'bokosi kunsi kwa bedi.

M'mawa wina mayi akupukuta mbale anafunsa mongocheza, "Bambo, inu mukapita pa 80 paja, ine ndidzakhala ndi 69. Envelopu yanga ili kuti?"

A Sikelo anaika kapu pansi. Munthu woyeza sopo anali ataiwala mkazi wake.

"Chinandifunsa za munthu mmodzi," anatero motsitsa mawu. "Ndikonza."

Sanaikambenso nkhaniyo, ndipo mayi anakhala ndi mantha awo mumtima. Patatha zaka zinayi, BP inawagwetsa a Sikelo pakhonde dzuwa likuswa mtengo, ali ndi zaka 72. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti aka n'koyamba mkuluyu kulakwitsa masamu, ena mpaka kubisa nkhope m'manja kuti asaoneke akuseka.

Mayi anatsala ndi bokosi lija. Envelopu iliyonse inali ndi kakalata ka dzanja la malemu: "Sopo awiri. Wachitatu n'kudzionetsera." Mayiwo ankayankha mokweza ngati mwiniwake ali kuchipinda. Koma kuwerenga maenvelopu otsala ankaopa, poti ankadziwa kuti yomaliza ikadzatsegulidwa adzakhala wopemphetsa kwa ana.

Tsiku lina analimba mtima n'kukhuthulira bokosilo pabedi. Anawerenga kawiri. Maenvelopu sanathere pamene ankayembekezera. Anapitirira mpaka chaka chimene iwo adzakwanitse 90.

Anaitana mpongozi uja kuti atsegule foni ya malemu. "Ndalama zimenezi anazitenga kuti?"

Mpongozi anayang'anitsitsa. "Amayi, apa anachotsa zaka zawo n'kulemba zanu. Zina anangochepetsa pang'ono. Koma pa mankhwala a BP analemba ziro."

"Liti?"

"Zaka zinayi asanamwalire."

Mayi anakana. Ankamva ndi makutu awo botolo la mapiritsi likulira m'mawa uliwonse, bambo akulikhutchumula asanamwe madzi. Analitenga pawindo pamene linali chikhalire n'kulitsegula. Munali mabatani a malaya.

Masiku ano mumsewu wa kwa a Sikelo muli zii. Wosoka nsapato alibe womukanganitsa, ndipo anthu akamadutsa pakhonde paja amatsitsa mawu osadziwa chifukwa chake. Mayi sasowa kanthu, ndipo sadzasowa. Pa 1 mwezi uliwonse amatulutsa envelopu, n'kukhala nayo pamiyendo mpaka tiyi kuzizira. Chimene chimawadya mumtima n'chakuti funso lija anafunsa okha, mongocheza, akupukuta mbale.