Mono wa a Frazer

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, a Frazer a ku Makhanga ankaponya mpira katatu pa mono wogwirira nsomba umene anaupachika mumtengo wa nimu. Katatu konse ankaphonya. Akatero ankaloza kumwamba n'kunena kuti, "Mphepo," ngakhale tsamba lisakugwedezeka.

Basiketibolo anaionera ku Nchalo akudula nzimbe, ndipo atapuma ntchito anabwera nayo kumudzi ngati mpingo watsopano. Koma kuboola pansi pa monowo anakaniratu.

"Agogo, boolani kuti mpira uzigwa," ankadandaula atsikana.

"Nkhabe! Mwana wa msodzi aboole mono? Mukufuna mudzi ugone ndi njala?"

Choncho aliyense wogoletsa ankakwera yekha mumtengo kukatsitsa mpira. Ena anayamba kuphonya dala.

Mmodzi mwa atsikanawo, Dyna, sankaphonya, n'chifukwa chake mawondo ake anali zipsera zokhazokha. Vuto lake linali chizolowezi cha netibolo: akawakha mpira ankauma ngati chitsa. Apo a Frazer ankaliza belu la njinga, poti wezulo analibe.

"Njanjitsa, iwe! Mpirawo si khanda la eni. Umenye pansi, uthamange nawo!"

"Ndikuopa andilanda."

"Akulanda ukaima. Ng'ona imagwira woimirira."

Kenako kunamveka kuti Loweruka ku Nchalo kudzasankhidwa atsikana okasewera ku Blantyre, sukulu n'kukapitiriza komweko. Kwa Dyna njira inali yomweyo basi, chifukwa amalume ake anali atayamba kulandira moni wa bambo wina wogulitsa nsomba ku Bangula, wa akazi awiri kale. Koma pamaso pa alendo, Dyna lilime linkamata.

"Usade nkhawa," anatero a Frazer. "Iwe ukaponye, pakamwa ndine. Ndikawauza kuti ndinaphunzitsapo ku Amereka."

Lachinayi a Frazer anagwa kudimba, osadzukanso. Anaikidwa Lachisanu. Pamaliro munthu ankati akakumbuka za belu lija n'kuyamba kuseka, kenako n'kupukuta misozi. Madzulo pabwalo panali zii. Mbuzi zinagona pomwe atsikana ankathamanga, ndipo panalibe wozipirikitsa.

"Zampira zatha," anatero amalume. "Mawa kubwera alendo a ku Bangula. Usachoke."



M'mawa mwake anatsikira kudooko kuti awoloke mtsinje, nsapato zili m'manja. Mwini bwato atamufunsa kumene akupita, milomo inagwedezeka koma mawu osatuluka.

"Ukuti chiyani, mwanawe?"

"Ku Nchalo!" anatero Dyna, mokweza mpaka amayi a madengu anatembenuka. "Palasani."