Foni Yogona Chagada

M'mudzi wina wa m'dziko lino, umene sitiutchula dzina chifukwa eni ake akadali moyo ndipo ambiri amadziwa kuwerenga, munali mitundu itatu ya foni za m'manja. Mitundu iwiri inali yochokera kunja, ndipo ndi imene inkapezeka m'matumba mwa anthu. Mtundu wachitatu unkatchedwa Tilipo, ndipo unkapezeka kwambiri pa chikwangwani cha pamsika.

Tilipo inali ya kampani ina ya kutauni imene inalumbira kuti idzagwetsa zakunjazo. M'mudzimo kampaniyo inaika nthumwi yake, Bambo Kalilangwe, amene udindo wawo wonse unali Mkulu Woyang'anira Kufala, Kukondedwa ndi Ulemerero wa Tilipo m'Mudzi ndi Madera Ozungulira. Udindowu unabwera ndi njinga yamoto yofiira. Tisabise mawu: Bambo Kalilangwe ankaikonda njingayo kuposa foni, ndipo ena amati kuposa abale awo angapo. Ankaipukuta m'mawa uliwonse ndi nsalu yakeyake, ankaiimika pamthunzi iwo n'kukhala padzuwa, ndipo pamaliro ankafika mochedwa dala kuti anthu atembenuke.

Tsoka lake, foni zakunja zija zinkatumiza ndalama, zinkanena zigoli za mpira, ndiponso zinali ndi magulu a macheza momwe amayi a mpingo ankagawana ntchito ndi miseche. Tilipo sinkachita chilichonse mwa izi. Opanga mapulogalamu ankati sangataye nthawi ndi foni yopanda anthu, anthu nawo ankati sangagule foni yopanda mapulogalamu, ndipo mbali zonse ziwiri zinkadikirana modekha. Tilipo inkaimba, inkalandira uthenga, inali ndi tochi. Tochiyo, kunena chilungamo, inali yabwino.

Mvula itayamba, kampani inatumiza zinthu ziwiri. Choyamba chinali mawu akuti nthawi yokolola ikafika Tilipo isanafale m'mudzimo, njinga yofiira ibwerere kutauni. Chachiwiri chinali katoni ya foni zatsopano, pakuti akatswiri a kulikulu anali atafufuza mozama n'kupeza kuti vuto la Tilipo silinali m'mimba mwake koma pankhope. Tizithunzi take tinali ting'onoting'ono, tozungulira, tofanana ndi ta adani. Tsono anatichotsa tonse n'kuyala mabokosi akuluakulu amitundumitundu, ogundana bwinobwino ngati matailosi a m'bafa la munthu wolemera. Mabokosiwo ankatchedwa amoyo, chifukwa ankatembenuka okha n'kuonetsa za m'kati mwawo popanda munthu kuwakhudza.

Bambo Kalilangwe, amene chakudya chinali chitasiya kuwakomera chimvereni za njinga, anaona kuti chipulumutso chafika. Tsiku la msika anakwera pa benchi n'kukweza foni m'mwamba.

"Foni zinazo mumachita kuzigogoda ngati khomo la eni kuti zikuuzeni kanthu," anatero. "Iyi imayamba yokha kuyankhula."

Mayi Nasibeko, ogulitsa tomato, anafunsa ngati bokosi lobiriwira lojambulidwa ndalama lija lingatumize kangachepe kwa mwana wawo kusukulu. Bokosilo linatembenuka pamaso pa onse n'kuonetsa mawu akuti Zikubwera. Bambo Kalilangwe anafotokoza kuti chachikulu, chomwe ndi bokosi, chilipo kale, ndipo chatsala ndi chaching'ono chabe, ndicho kutumizako. Bokosi la nyengo linkaonetsa dzuwa ngakhale madontho a mvula ankagwera pagalasi pomwepo. La mpira linkati palibe amene wagoletsa, ndipo linapitiriza kunena zomwezo chaka chonse, zimene zinatonthoza okonda timu ya m'mudzimo. Anthu anayamikira mitundu yake, makamaka yachikasu, kenaka anabwerera ku malonda awo osagula ngakhale imodzi.

Komabe panali bokosi limodzi logwira ntchito mokhulupirika, labuluu, la mauthenga. Uthenga ukafika linkatembenuka n'kuonetsa nkhope ya wotumiza ndi mawu ake onse, m'zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale woiwala magalasi kunyumba awerenge. Akatswiri ankati izi n'zopulumutsa nthawi.

Apa tiyenera kufotokoza kuti m'mudzimo munalibe magetsi. Foni zonse ankakatchajitsa kwa Dzoole, wometa tsitsi, amene anali ndi sola padenga ndi tebulo lalitali pamene foni zinkagona m'mizere kuyambira m'mawa. Bambo Kalilangwe atapita kumeneko anapeza foni za Tilipo, zomwe panthawiyo zinali za iwo eni, akazi awo ndi alamu awo basi, zitagonekedwa chafufumimba pamodzi ndi zinzake. Zinawapweteka mtima. Tsiku lomwelo anakhala pansi monga Komiti Yoteteza Nkhope ya Tilipo, anakambirana okha, ndipo anagwirizana popanda wotsutsa kuti foni ya nkhope yokongola chotero izigona chagada nthawi zonse, poonekera, ndipo woigoneka chafufumimba ndiye kuti wanyoza kampani. Dzoole anavomera lamuloli atalandira malaya olembedwa Tilipo kumsana.

Woyamba kulawa ubwino wa lamuloli anali Bambo Chimphamba, alamu awo a Bambo Kalilangwe, amene analinso Wachiwiri kwa Mkulu Woyang'anira. Tsiku lina anthu ali pabenchi kudikira kumetedwa, bokosi labuluu la foni yawo linatembenuka. Panaoneka nkhope ya mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, ndi mawu akuti: "Dzulo munaiwala chipewa chanu." Bokosilo linatembenukanso, n'kubwereza, n'kubwereza, pakuti linali lamoyo. Munthu wina wachifundo anawerenga mokweza kuti osadziwa kuwerenga asatsalire. Pamene Bambo Chimphamba ankabwera kudzatenga foni yawo, akazi awo anali atawoloka kale mtsinje n'kubwerako, chipewa chili m'manja.

M'mawa mwake Bambo Kalilangwe anadzuka n'kupeza mzere wa anthu pakhomo. Kutsogolo kunali Mayi Nasibeko, amene anapempha Tilipo imodzi popanda kunenerera mtengo.

"Ndinadziwa kuti tsiku lina mudzatseguka maso, mayi," anatero Bambo Kalilangwe, misozi ili pafupi.

"Si yanga ayi," anayankha Mayi Nasibeko. "Ndi ya bambo a kunyumba."

Umu ndi mmene Tilipo inafalira. Amayi anagulira amuna awo. Amunawo, pobwezera chikondi, anagulira akazi awo. Makolo anagulira ana aakazi, apongozi anagulira akamwini, ndipo ankhoswe anayamba kuitchula pa zinthu zoyenera kupezeka ukwati usanamangidwe. Abusa anagulira a kwaya onse, a kwaya nawo anasonkherana n'kugulira abusa. Kukana mphatsoyi kunali kosatheka, chifukwa wokana ankafunsidwa funso limodzi lokha, lakuti akubisa chiyani. Katoni inatha, inabwera ina, nayonso inatha. M'mbiri yonse ya malondawa sipanapezeke munthu mmodzi amene anadzigulira yekha, koma Bambo Kalilangwe anati kampani imawerenga foni, siwerenga zifukwa.

Foni zakunja zija zinasowa m'maso mwa anthu. Patebulo la Dzoole panatsala mabokosi okhaokha, akutembenuka ngati nsomba zouma pa chitsulo chowotchera. Mkulu Woyang'anira ankadutsa pamenepo kawirikawiri, kuimitsa njinga, kuyang'ana, n'kupukusa mutu ndi chimwemwe.

Chimene sanafune kuona n'chakuti amuna a m'mudzimo anayamba kuyenda motsimphina pang'ono, onse mwendo wakumanja. Masokosi anayamba kuyenda malonda kuposa sopo. Anthu amene chibadwire sanavalepo nsapato ankaoneka kumunda atavala masokosi ataliatali ndi patapata, thukuta lili kamukamu. Amayi nawo anayamba kukonza kamisolo pafupipafupi ndi kupita kuseri kwa nyumba kukayankhula okha. Dzoole anapachika katani kumbuyo kwa shopu yake, ndipo kuseri kwake kunali tebulo lachiwiri limene aliyense ankalidziwa koma palibe ankalitchula. Bambo Kalilangwe eni akewo anayamba kuvala masokosi ofika m'mawondo, ndipo ankafotokozera aliyense, ngakhale wosafunsa, kuti injini ya njinga imawotcha miyendo.

Bokosi labuluu nalo linatembenuka mtima. Mauthenga ake anasanduka oyera kuposa ulaliki. Mwamuna wodziwika pa mowa ankalandira mawu akuti zikomo potitsogolera m'pemphero. Mkamwini waulesi ankalandira madandaulo akuti akudzipha ndi ntchito, apumeko. Anthu ankachita kupemphana kuti, "Aise, unditumizireko kabwino masana ano, foni ili kwa Dzoole." Mudzi wonse unakhala wa anthu olungama, ndipo benchi ya Dzoole, imene kwa kanthawi inkadzaza ngati malo oonetsera kanema, inatsala ndi ofuna kumetedwa okha. Patapita nthawi anthu anaona kuti kutumizirana chiyero kukuwathera mayunitsi, ndiye anasiya. Mabokosi anapitiriza kutembenuka ndi mauthenga akale omwewo, ndipo a Chimphamba anakhala akuthokozedwa chifukwa cha pemphero limodzi mpaka chimanga chinauma.

Nthawi yokolola itafika, Bambo Kalilangwe anadziwitsa kampani kuti nyumba iliyonse ili ndi Tilipo, ndipo nyumba zina zili ndi Tilipo zambiri kuposa anthu. Kulikulu anasangalala. Anatuma Bambo Sambakunsi, Bwana Wamkulu Woona za Chipambano, kuti akaone ndi maso ndi kupereka njinga yofiira kwa Bambo Kalilangwe kuti ikhale yawoyawo mpaka kalekale.

Mwambo unachitikira pabwalo la sukulu. Njinga anaiimika kutsogolo atayimangirira nsalu ndi maluwa ngati mkwatibwi, ndipo makiyi ake anawaika m'mbale pa tebulo la alendo. Kwaya inaimba. Anthu onse, atauzidwa, anakweza Tilipo zawo m'mwamba, ndipo bwalo lonse linanyezimira ndi mabokosi olonjeza kuti zikubwera. Bambo Kalilangwe anayankhula nthawi yaitali za nzeru za akatswiri, za ubwino wa ngodya zinayi poyerekeza ndi chinthu chozungulira, ndi za lamulo lawo la chagada, limene anati mayiko ena adzabwera kudzaliphunzira. Munthuyo analidi wokondwa, ndipo ine ndikakumbukira nkhope yawo tsiku limenelo ndimawamvera chisoni.

"Bwana," anatero potsiriza, "ndikunena pamaso pa anthu onsewa kuti m'mudzi muno foni yakunja simungaipeze ngakhale ya mankhwala."

Bambo Sambakunsi anaimirira n'kutola makiyi m'mbale. Pamenepo penapake panalira foni. Sikanali kulira kwa Tilipo. Kanali kanyimbo kaja kodziwika ka foni zakunja, kakumveka motsamwa ngati kakuchokera m'nsalu.

Bwalo lonse linawerama nthawi imodzi. Amuna onse anagwira mwendo wakumanja, amayi onse anagwira pachifuwa, abusa anagwira mwendo, a kwaya anagwetsa mabuku. Mkulu Woyang'anira Kufala, Kukondedwa ndi Ulemerero anapezeka atawerama nawo, dzanja lili pa sokosi. Anthu anayang'anana chowerama choncho, aliyense akudikira kuti amve ngati kunjenjemerako kuli pa iye.

Kunali pa Bambo Sambakunsi. Bwanayo anakweza thalauza mwaulemu, anatulutsa foni yakunja yonyezimira m'sokosi ya silika, n'kuyankha ataima njo. Ananena kuti inde bwana kangapo, nkhope ikusintha, kenaka anabweza foniyo kumalo kwake n'kukonza thalauza.

Anafotokoza motsitsa mawu kuti anali a kulikulu. Iwo anali atapeza kuti foni zagulidwadi, koma palibe amene akuyankhulirapo, m'mudzimo ngakhale kwina kulikonse, ndipo kampani singadye mabokosi. Tilipo yatsekedwa kuyambira masana omwewo. Katundu yense wa kampani abwerere kutauni, kuyambira chikwangwani mpaka njinga.

Bambo Kalilangwe anayang'ana makiyi, anayang'ana njinga, kenaka anafunsa funso lokhalo limene linawabwerera. "Nanga bwanji sanakuimbireni pa Tilipo, bwana?"

"Kulikulu Tilipo timaisunga m'kabati," anayankha Bambo Sambakunsi. "Timaitulutsa kukabwera alendo."

Njinga anaikweza m'galimoto maluwa ake ali pomwepo. Anthu anabalalika mwakachetechete, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ankayenda mosatsimphina, foni zili m'manja. Tilipo zinatsala pa mabenchi a sukulu, zonse zitagona chagada monga mwa lamulo.

Bambo Kalilangwe anakhala okha pa tebulo la alendo, mbale yopanda makiyi ili patsogolo pawo. Kwawo kunali kutali, kumtunda, ndipo miyendo yawo inali itaiwala njira ya pansi. Akazi awo anabwera n'kuima pambali, ataika manja m'chiuno.

"Bambo a Lonjezo, dzuwa likupita," anatero. "Itanani kabaza."

Mkulu Woyang'anira anatenga Tilipo yawo n'kuyang'ana bokosi lachikasu lojambulidwa njinga. Bokosilo linatembenuka mwaulemu n'kuwauza kuti zikubwera. Anaigoneka chafufumimba patebulo, anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama kutsitsa sokosi.