Zithunzi Zanga Zinayi

Lolemba

Ndalota chithunzi changa chija cha diresi yobiriwira chikuuluka pasiteji ya minibasi ku Zingwangwa, ine ndikuchithamangitsa nditavala patapata imodzi. Nditadzuka, ndayamba kufunsa anthu tanthauzo la malotowa.

Matanthauzo amene ndatolera m'mawa uno:
- Mayi a Chisomo, neba wanga: wina wapita nacho kwa sing'anga.
- Mayi a Yankho, pampopi: ulendo wa ku Joni.
- Amuna anga, osafunsidwa: "Ndi nyemba zadzulo zimenezo."

Ndasankha la Mayi a Chisomo chifukwa ndi limene likuopsa. Chithunzicho ndinatsukitsa zinayi chaka chimene ndinakwatiwa, n'kugawa zonse. Pofika Lamlungu zikhale zitabwerera, ndizikiyire m'sutikesi.

Lachiwiri

Bangwe, kwa azakhali. Akhuthula chikwama cha mapepala pamphasa: makadi a sikelo, makalata, ziphaso zakale zovotera. Kenako akundipatsa chithunzi cha mtsikana wina wamasaya. "Si iwe uyu?" Ndi mwana wa neba wawo wakale. Changa akuti mwina chinanyowa ndi mvula. Sakukumbuka n'komwe kuti ndinawapatsa.

Lachitatu

Ndirande, kwa Esinati, mnzanga wa kusekondale. Chilipo! Koma anachidula pakhosi. Anasunga diresi yokha kuti akaonetse telala. Kumene kunapita mutu wanga sakudziwa. "Diresiyo inali yabwino, asisi." Ndabwerera ndi theka la ine m'chikwama.

Lachinayi

Chirimba. Wojambula amene anandijambula ndinamupatsa chimodzi, anachimata pagalasi la situdiyo yake kuti chizikopa makasitomala, ndipo ndinkadutsa dala pamenepo. Lero situdiyoyo ndi malo okazingira chipisi. Mwini wake watsopano akuti zithunzi zimene anazipezamo anakolezera moto tsiku lotsegulira. Ndiye kuti ndinapsa kalekale, osamva kanthu. Chipisi chake n'chokoma ndithu.

Lachisanu

Palibe amene akundilodza. Zinayenera kundisangalatsa, koma zandiwawa. Anthu atatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandisunga bwinobwino.

Atsala apongozi anga, ku Machinjiri. Zaka zisanu ndi zinayi sanandisekererepo. Ndikamayankhula amangoyang'ana kudenga. Ngati alipo wopita nacho kwa sing'anga, ndi iwowa.

Sindinapite lero. Ndachapa makatani oyerayera.

Loweruka

Machinjiri, nditanyamula buledi ndi shuga kuti ndisaoneke ngati wapolisi. Ndazungulirazungulira ndi nkhani za mvula, kenako ndafunsa. Apongozi adzuka, alowa kuchipinda, atuluka ndi Baibulo. Chithunzi chili pakati pa Masalmo, m'mbali mwake mutada ndi zala. Ine ndili pamenepo ndi diresi yanga, kukamwa kuli yasa.

"M'mawa uliwonse ndimaika dzanja apa n'kukupemphererani."

Manyazi andigwira, misozi yalengeza. Ndafunsa motsitsa mawu kuti amandipempherera chiyani.

"Kuti Mulungu akuchepetseni pakamwa."

Ndatambasula dzanja kuti nditenge. Atseka Baibulo. "Mulungu sanayankhebe."

Lamlungu

M'sutikesi muli diresi yopanda mutu basi. Mayi a Chisomo sananame kwenikweni: chithunzi changa chikugwiritsidwadi ntchito, tsiku ndi tsiku, kusanache bwino. Chikhale komweko. Pa anthu anayi, mmodzi yekha ndiye anandisunga, ndipo ndi amene ndinkamuganizira zoipa. Ndikawapititsira nkhuku mwezi ukatha.

Nkhani yonseyi ndawafotokozera amuna anga pochokera kutchalitchi, kuyambira pageti mpaka pakhomo pathu, osadumpha ngakhale za chipisi. Potsegula chitseko angoti, "Amayi apitirize kupemphera."