Mpango wachikasu wa Madamu Jafali

Anzanga inu, ine ulendo wa ku Monkey Bay ndinautaya ndekha ndi pakamwa pangapa, palibe wondilodza ayi.

Nkhani yake inali yabwinobwino. A Mbwana, aphunzitsi athu a Chichewa, anati amene amasulire bwino ndakatulo Lachisanu ndiye akaimire sukulu ku mpikisano wa alakatuli ku Monkey Bay. Ine Monkey Bay ndinali ndisanapondeko, sitima ya Ilala ndinkangoiona pa kalendala. Ndiye anatigawira kapepala kotayipa, kopanda dzina la mlembi, n'kunena kuti, "Mlakatuli salemba chabe. Nthawi zambiri pamakhala munthu amene wamuvundula mtima. Womasulira azifufuza."

Azifufuza! Mawu amenewo kuwauza ine, mdzukulu wa Abiti Saidi? Agogo angawo anandilera ndi ndagi. Tikuyanika usipa pathandala, iwo "Ndagi!" ine "Gize!" ndipo ukalephera ankakuseka mpaka nsomba ziume. Kwathu chinthu chobisika chimakhala ndi yankho limodzi, ndipo ukalipeza umalitchula mokweza.

Penapake ndakatuloyo inkati, "Iwe wa mpango wachikasu, ukaseka mwera umaleka." Kenako kampata pakati pa mano, kenako njinga yolira ngati mwana wa mbuzi, kenako boti la ku Makanjira limene linamubweretsa. Anzanga ankaloweza za mafanizo ndi m'bwerezabwereza, ine ndinali pa geti ndi kope, kumvetsera njinga. Lachitatu m'mawa ndinangomva kwii, kwii, kwii. Madamu Jafali a Bayoloje! Mpango wachikasu! Ndinawapatsa moni kawiri kuti aseke, kampata kaja mbee! Ndinawafunsanso kwawo, iwo osadziwa kanthu, "Ku Makanjira, mwanawe, bwanji?"

Wolemba naye sanandivute. Ndime iliyonse inkayamba ndi "tsono taonani", ndipo pasukulu yonse ndani amanena zimenezo kasanu pa phunziro limodzi?

Lachisanu holo inadzaza, ahedi atakhala kutsogolo, aphunzitsi onse pa benchi. Yusufu wa m'kalasi mwathu anaima n'kunena kuti ndakatuloyo ikutiphunzitsa kukonda chilengedwe. Ine mumtima, kalanga mwana wosauka nzeru. Itafika nthawi yanga ndinayala zonse bwinobwino, mpango, mano, njinga, boti, anthu ali chete, ine n'kumaganiza kuti agoma nane. Mnzanga Mwanaisha ankandikoka siketi, ndinamumenya dzanja.

"Choncho wokondedwayo ndi Madamu Jafali," ndinatero, "ndipo mtima umene wavundukawo ndi wa a Mbwana."

Mayo ine! Holo yonse kuwuu! Madamu anakoka mpango uja n'kuphimba nkhope. A Mbwana choko chinawagwa m'manja, n'kuyamba kuchifunafuna pansi pa tebulo ngati ndi golide. Ine ndikadaimabe, kudikira kuti andiombere m'manja.

Ahedi anavula magalasi pang'onopang'ono. "A Mbwana, zoona zimenezi?"

"Bwana, tsono taonani..."

Basi ana anagwa m'mabenchi ndi phwete.

Kodi ine ndikadadziwa bwanji kuti ahedi ndi amalume awo a Madamu, mwini mbumba weniweni? Kuti a Mbwana anali asanatume munthu ngakhale mmodzi kukagogoda pakhomo? Nkhani yofunika kufika ndi akuluakulu, atavula nsapato, inafika ndi ine wa Fomu 3, pa maikolofoni.

Ku Monkey Bay kunapita Yusufu ndi chilengedwe chake, anabwerako ndi chithunzi ataima pafupi ndi Ilala. Nditawafotokozera agogo anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anafunsa, "Koma yankho unapeza?" Ndinati eya. "Nanga ukulira chiyani?"

Ukwati unachitika chaka chomwecho, mpunga tinadya, ndipo Madamu anandipatsira nyama yambiri osandiyang'ana kumaso. Koma ine ndinalumbira. Mundipatse ndakatulo iliyonse lero, ngakhale itatchula dzina la mkaziyo, mudzi wake ndi nambala ya nsapato, ine ndidzaima mwaulemu n'kunena kuti ikutiphunzitsa kukonda chilengedwe.