Nkhoswe ya Agulugufe

Kugombe kuno palibe amene sankadziwa kuti a Lodwick ndi nkhoswe ya agulugufe. Eee, agulugufe enieniwa! Anzawo akamasoka maneti a udzudzu kuti akakokere usipa, iwo analumikiza asanu n'kukuta mtengo wa mandimu wa akazi awo, mayi Scholastica, n'kutsekeramo tizilomboto kuti tikwatirane.

Koma kukwatirana kwake kuti? Zaka zitatu zathunthu, aamuna kudenga, aakazi pamasamba, mpaka kufa osalonjerana.

"Achimwene, mbeta ndi iyo, mukuopa chiyani?" ankachonderera mkuluyo mphuno ili paneti.

"Aona banja lathu," ankatero mayi Scholastica chofulatira, akupala chambo.

Shuga wa tiyi ankathera m'timbale ta agulugufe. Lamulo linali limodzi: madzi otsukira nsomba asatayidwe pafupi ndi neti. "Akwati samwa zonyansa!"

Mayiwo ankalalata, koma mumtima ankaopa. Chifuwa chinali chitawagwira amuna awo, thupi likungotha ngati sopo, koma zopita kuchipatala ku boma ankakana.

"Akakwatirana ine kulibe, aimirire ukwatiwo ndani?"

"Nanga ine mukufuna mundisiye ndi yani?"

"Sabata ino yokha, mayi."

Sabatayo sanaimalize.

Pamaliro, amayi ophika, osadziwa lamulo lija, anakhuthulira madzi a nsomba m'mphepete mwa neti, matope n'kulowerera m'kati. Patapita masiku awiri mayi Scholastica anatenga mpeni kuti akang'ambe chinthu chimene chinawadyera mwamuna. Anapeza agulugufe aamuna ataunjikana pamatope, akuyamwa ngati zidakwa. Patsamba la ndimu panali awiri atagwirana kumichira, wina atayang'ana kunyanja, mnzake kumsewu.

Anangokhala pansi.

"Kalanga ine! Zaka zitatu mankhwala ake ndinkataya kudzala! A Lodwick, taonani anthu anu. Kufulatirana, koma osatayana."

Masiku ano m'mawa mumangoti zii, palibenso wonyengerera agulugufe. Asodzi akamadutsa amachepetsa mawu. Mbozi zadya masamba a mandimu mpaka mtengo watsala ndodo, koma wonena zopopera mankhwala amathamangitsidwa. Tsiku lililonse mayi Scholastica amathira madzi a nsomba m'neti muja, n'kukhala pamalo pawo pakale chofulatira, akupala chambo, kudikira munthu woti awakalipire.