Ampulifaya Imene Palibe Anayerekeza Kuizimitsa

Mpaka lero ndikamva fungo la waya wopserera, ndimakumbukira uchitsiru umene ndinachita. Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri, koma poti amene akanandimanga anatsogola kale, lekani ndiulule.

Achimwene anga pochokera ku migodi ya ku Joni sanabwere ndi njinga ngati anzawo. Anabwera ndi ampulifaya yokwezera mawu a gitala, ya mavalavu agalasi aja oyaka ngati timababu. Thukuta la zaka zinayi limenelo. Ankaikonda kuposa alamu anga (alamuwo ankanena okha). Ine ndinkaimba gitala m'kabandi kathu ka ku Old Town, ndiye pondibwereka kuti tikaimbe pa ukwati wa mwana wa bwana wina ku Area 14, anangoti, "Ikabwera ndi chipsera, iwenso ukhala nacho."

Lachinayi tikuyeserera, ampulifaya ija inayamba kusasa mawu. Ndinathamanga nayo kwa Che Sayidi, okonza mawailesi kuseri kwa msika. Anaitsegula nkumaloza ndi sikuludiraiva.

"Kakondensa aka ndi mlonda wa pakati pa valavu ndi valavu," anatero. "Mawu kamawalola kudutsa, magetsi aakulu kamawaletsa. Katopa, kakudontha. Katsopano kabwera Lolemba. Kasikulu aka ndi ka bayasi, kamagawira mavalavu magetsi pa mlingo wake. Musakagwire, bambo. Mwamva?"

"Ndamva, Che Sayidi."

Kumva ndinamvadi, koma ukwati unali Loweruka. Kunyumba ndinazula kondensa m'wailesi yakufa ya azakhali, nkuimatirira ndi msomali wotenthetsa pambaula. Timiyendo take tinali tatifupi, ndiye ndinalumikiza ndi waya wautali, wongolendewera. Kenako kasikulu kaja ndinakapotoza pang'ono. Mawu ananenepa. Ndinapotozanso. Ananenepa koopsa! (Apa ndinayamba kuganiza zotsegula shopu yangayanga.)

Loweruka masana, perekaniperekani ali mkati, akwati akuvina pakapinga, ampulifaya ija inatsokomola. Gitala zii. Kenako munatuluka mawu amene ngakhale mwana woyamwa ankawadziwa: Mtsogoleri wa dziko, akulankhula pamsonkhano. Waya wanga uja anali atasanduka eriyo, akukoka wailesi ya boma.

A tcheyamani a chipani a m'deralo anadzambatuka patebulo la alendo olemekezeka, ntchafu ya nkhuku ili kumanja. "Aliyense akhale pansi! Tcheru!"

Tinakhala pansi tonse, ndi mkwatibwi yemwe, velo ndi zonse.

Nditasuzumira kumbuyo kwa ampulifaya, ndinaona zoopsa. Mavalavu anali psuu ngati makala. Bayasi yanga ija inkawamwetsa magetsi mopanda mlingo. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse.

"Bambo a gitala," anatero a tcheyamani mwaulemu woopsa, "mukufuna kuwatseka pakamwa?"

Dzanja linabwerera lokha. Masiku amenewo anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo. Tsono Akuluakuluwo ankalankhula Chingelezi, womasulira nkubwereza m'Chichewa, ndiye chiganizo chilichonse chinkawotcha katundu wa achimwene kawiri. Anthu a m'wailesi akaomba m'manja, nafenso tinkaomba, ine misozi ili lengelenge. Utsi utayamba kufuka, mayi a mkwati anabwera chokwawa nkumakupiza ndi chivundikiro cha poto.

Kenako phuu! Mawu anaduka chiganizo chili pakati. Maso onse pa ine. Ndinayamba kuganiza kuti kodi ndani adzandibweretsere bulangete kundende. Koma a tcheyamani nawonso thukuta linali kamukamu, poti zinachitika iwo ali pomwepo ndipo oyamba kufunsidwa akanakhala iwowo. Anakweza ntchafu ija m'mwamba.

"Mwaona mphamvu ya mawu amenewo? Ngakhale makina a Azungu alephera kupirira!"

Nthungululu zake, abale! Ine ndinapulumuka. Ampulifaya ayi.

Lolemba Che Sayidi anayang'ana zam'kati zopsererazo, anayang'ana waya wanga, nkunditambasulira chikhatho muli kakondensa katsopano. "Kafika," anatero. "Mukapange mkanda."

Achimwene ndinawafotokozera zonse nditagwada.

"Chitsiru iwe! Bwanji sunazimitse?"

"Inuyo mukanazimitsa, achimwene?"

Anayang'ana kuchitseko, anayang'ana kuwindo, nkutsitsa mawu. "Unachita bwino." Atatero anakhala pa ampulifaya yawo nkuyamba kulira, munthu wamkulu wandevu. Chipsera chija sanandipatse, ndipo zimenezi zinandiwawa kuposa mbama. Ampulifayayo inakhala mpando wawo pakhonde mpaka tsiku limene tinawaika.

Mmisiri akati musagwire, chonde musagwire. Ine ndinaphunzira. Ngakhale kunena zoona, kasikulu kaja kankanenepetsadi mawu.