Beringi ya kumanzere ndi firiji ya Mayi Nabanda

Lolemba, 8 Disembala 2014

Galimoto ikung'ung'udza. Si injini ayi, injini ili bwinobwino ngati mwana wa abwana. Phokoso likuchokera pansi, wuuu, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo likukula ndikaponda moto. Ndi beringi, kachitsulo kamene tayala limazungulirapo. Ndikudziwa. Ku yunivesite ndinaphunzira za chitukuko cha kumidzi, ndipo ngakhale kuno ku Joni ndikutukula mbale ndi mafoloko pa lesitilanti, khutu lophunzira siligontha.

Loweruka la sabata ya mawa ndi chinkhoswe changa ku Ntchisi. Tiyamike wandidikira mpaka anzake anasiya kumufunsa. Amalume ake, a Gwaza, ananena anthu akumva kuti "wa ku Joni wobwera pa basi ndi katundu basi, amangosiyana ndi thumba poti amayankhula." Chabwino. Ine ndikalowa m'mudzimo pa 4x4 yanga, m'matope a Disembala, kumene minibasi zimabwererako. Ndinaigula kwa mzungu wa pafamu amene ankawolokera nayo mitsinje ngati bwato. Madzi ndi matope ndiwo adani a beringi: amalowa, amasukuluza girizi, zitsulo n'kuyamba kudyana zokhazokha.

Dongosolo:
– Lachiwiri, kupeza tayala lodwala.
– Lachitatu, kugula beringi.
– Lachinayi, kuika.
– Lachisanu, kumeta tsitsi.
– Loweruka m'mamawa, phazi pa moto mpaka pa malire a Beitbridge!

Kanthu kamodzi kokha. Dzulo ku tchalitchi kwathu ku Hillbrow ndinapempha abusa kuti andipempherere ulendo. Ndinachita kuwanong'oneza. Iwo anapempherera pa maikolofoni, n'kutchula tsiku, njira, ndi kukula kwa galimoto. Ameni wamphamvu ngati uja sindinamumvepo chibatizidwire.

Lachiwiri, 9 Disembala

Ndikutuluka pageti pano ku Yeoville, ndikupeza Mayi Nabanda ndi firiji pa ngolo ya m'sitolo. "Mwana wanga, ndi kafiriji chabe. Mungokasiya pa Dedza, ndi panjira pomwe." Kafirijiko kandipitirira msinkhu. Koma mayiwa ndiwo anandidyetsa nditangofika ku Joni ndi jumbo imodzi. Ndiwakanire bwanji? Wa kwathu akagula galimoto yopita kumudzi, sakhalanso mwini wake. Amasanduka positi ofesi.

Pambuyo pawo pafika:
– kathumba ka mabulangete;
– kanjinga;
– tizigubu ta mafuta ophikira;
– timapoto, kasipika ka kwaya, ndi kena kake kokulungidwa ndi tepi kamene mwini wake akuti "musakagoneke chafufumimba."

Zonse ndi "ka" ndi "ti". Ku Joni kulibe katundu wamkulu. Amakulira m'galimoto.

Masana, kuyesa. Njira yake ndi yapafupi: msewu wopanda anthu, kukhotetsa kumanja, kukhotetsa kumanzere, khutu tcheru. Ukakhotera kumanja, kulemera kumagwera kumanzere, ndiye phokoso likakula, wodwala ali kumanzereko. Ndikukhota. Firiji gu! Mapoto ngwengwengwe! Belu la njinga likulira lokha ngati kuli maliro. Koma pansi pa kwaya yonseyi khutu langa lagwira wuuu uja akukwera pokhotera kumanja. Kumanzere!

Ndakweza tayala lakutsogolo ndi jeke, dzanja lina pamwamba, lina pansi, kugwedeza. Gwedegwede. Kulizunguza, likulira ngati likupera mchenga. Wagwidwa! Lakumbuyo ndayesa kulikweza, jeke wangobuula ndi kulemera kwa katundu n'kukhala pansi. Palibe kanthu. Wakuba tamugwira kale, tivutitsirenji mudzi wonse?

Lachitatu, 10 Disembala

Jeppestown. Beringi ndagula, girizi ndagula, ndi kamphira kotsekera madzi. Ndadutsira kwa a Mbewe, makaniko obadwira pafamu ku Zimbabwe, amene amayankhula Chichewa chimene agogo awo anachoka nacho ku Nyasalande, chosagwiritsidwa ntchito kwenikweni, chikadali chatsopano. Ndikufuna kubwereka sipanala yaikulu.

Azungulira galimoto, n'kunena kuti: "Mubwere nayo yopanda katundu, baba, tione matayala onse." Ndikuvomereza. Ndi zimene inenso ndingalembe pa mayeso. Koma nditsitsire kuti? Chipinda changa tinachigawa ndi katani, theka langa limakwana bedi ndi maganizo. Pamsewu? Atsotsi a pano amanyamula firiji ngati akunyamula mwana. Komanso pali lamulo losalembedwa: katundu akakwera satsika mpaka kwawo. Ukangomutsitsa, mawa Hillbrow yonse yamva kuti unamasula, unasuzumira, ndipo mabulangete anali ambiri kuposa pamenepa.

A Mbewe amvetsa. Agwedeza mutu mwachisoni, alowa m'kati, atuluka ndi sipanala. Ndi katoni. Ya azakhali awo a ku Mangochi amene sanawaonepo. "Mangochi ndi pafupi ndi Ntchisi, eti?"

Pa mapu a dziko lonse lapansi, inde, ndi pafupi.

Lachinayi, 11 Disembala

Tsiku la ulemerero!

Tayala pansi. Mabuleki pambali, ndawamangirira ndi waya kuti paipi isakokeke. Nati yamasuka. Beringi yakale yatuluka, ndipo ndikanakonda a Gwaza akanaona: girizi wasanduka phala la dzimbiri, timipiringidzo ta m'kati tadyekadyeka ngati chimanga cha anankafumbwe. Ndinanena ine!

Kutsuka. Kupaka girizi watsopano ndi chikhatho, kukanikiza mpaka atulukire mbali inayo. Kuika kamphira katsopano. Kenako luso lenileni: umamanga nati uku ukuzunguza tayala, ikathina, n'kuibweza pang'ono. Ukathinitsa kwambiri beringi imapsa, ukalekerera imagwedera. Aphunzitsi athu a za ulamuliro anatha chaka chathunthu osafotokoza bwino chonchi.

Ndili pansi pa galimoto ndikungoona nsapato. Eni katundu akubwera kudzazonda katundu wawo ngati ali m'chipatala. Kusuzumira pawindo, kugogoda tepi, kupita. Mayi Nabanda abwera ndi shuga ndi nsapato za adzukulu, akuti "firiji kuyenda yopanda kanthu m'mimba n'kuwononga malo."

Ndiye pafika nsapato zakale zopolishidwa bwino. Madala Chisale, amene anabwera kuno nthawi ya migodi, ine ndisanabadwe. Abweretsa chitseko chachitsulo ndi felemu yake. Nyumba yawo ku Dowa akhala akuimanga moyo wawo wonse, chidutswa chidutswa, kudzera mwa aliyense wopita kumudzi. "Chatsala chitseko chokha, mfana wami. Chikafika, nanenso ndibwerera." Ndinakonzeka kukana. Mawu ndinali nawo, a Chingerezi chabwino. Chitseko chili padenga pa galimoto.

Madzulo, kuyesanso. Wuuu.

Sindikudandaula. Khutu limasunga phokoso, ngati mmene umamverabe basi ikuyenda utatsika kale. Sayansi imadziwa zimenezi.

Lachisanu, 12 Disembala

Tsitsi ndameta. Dongosolo likutsatidwa.

Wuuu wasanduka gwrrr, ndipo akuchokera kumbuyo. Ndaima, ndagwira pakati pa tayala lakumbuyo, ndachotsa dzanja msanga. Malovu akuchita tswii! Ukhoza kukazingirapo dzira. Mbali yake? Kumanzere! Ndiye kuti Lachiwiri sindinalakwe. Akuba anali awiri, apachibale, ndipo wachiwiriyu tamunenepetsa tokha. Galimoto yakhala pansi kumbuyo ngati galu wopempha, nyali zakutsogolo zikuunika kumwamba kufunafuna thandizo.

Ndaitanitsa msonkhano wa eni katundu. Ndafotokoza bwinobwino, ndi zojambula pa katoni ya a Mbewe: tsiku limodzi lokha, aliyense asunge chake, ndikonze, tikwezenso. Onse agwirizana nazo kuti katundu atsike. Wa anzawo.

"Yanga ndi njinga, ili ndi matayala akeake, ikulemera bwanji?"

"Firiji ili kumanja, mwana wanga. Inu mwati vuto lili kumanzere."

"Mgodini tinkakweza zoposa apa, mfana, chingwe osaduka."

Msonkhano watha ndi pemphero. Awiri amene anangobwera kudzaonerera asiya zikwama.

Uthenga wa Tiyamike: "Amalume agwetsa mpanda wa kutsogolo kuti galimoto idzalowe mpaka pabwalo. Akuti aone ndi maso awo."

Eish.

Komabe nzeru zilipo. Mawa m'mamawa ndiyenda pang'onopang'ono mpaka kwa a Mbewe, ali ndi jeke wokweza malole. Tikweza galimoto ndi katundu yemwe, mwambo osaphwanyidwa. Pofika masana ndili pa msewu waukulu. Munthu wophunzira satha mapulani.

Loweruka, 13 Disembala

Ulendo wa ku Ntchisi wayamba pa nthawi yake, ndipo wathera pa maloboti a ku Jeppestown.

Choyamba fungo, ngati wina akuwotcha mphika wopanda madzi. Kenako utsi. Kenako khwiii, tayala laima, galimoto yatembenuka yokha n'kuyang'ana kumene tachokera, ngati ikuti tiyeni tibwerere. Belu la njinga ngiri, kamodzi, mwaulemu. Woyendetsa takisi wina wandiuza zambiri za makolo anga m'Chizulu.

Atikokera kwa a Mbewe. Jeke wamkulu wagwira ntchito bwino kwambiri, pulani inali yolondola. Kungoti beringi yapsa mpaka kumamatira ku chitsulo cha tayala, yawotcherera yokha popanda wowotcherera. Chitsulocho chatha ntchito. China chingapezeke kwa ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa, ndipo iwo atseka dzulo, apita ku holide, adzatsegula Januwale. Anthu amene amagulitsa zakufa nawonso amapuma.

Tsopano katundu watsika, ndipo palibe wadandaula. Zikuoneka kuti mwambo umalola kutsitsa pa maliro. Ndinayamba kumva kupepukidwa, mpaka Mayi Nabanda atandikumbutsa gawo lachiwiri la lamulo: wolandira katundu ndiye amafikitsa. "Basi ya mawa ili ndi ngolo kumbuyo, mwana wanga. Ndakusungitsirani kale malo."

Ndamuimbira Tiyamike. Ndayamba kufotokoza za girizi ndi madzi a m'mitsinje ya mzungu uja. Wandidula: "Ingobwerani. Ngakhale pa wilibala. Koma mubwere."

Lamulungu, 14 Disembala

M'basi. Mpando wakumbuyo kwenikweni, pakati pa thumba la anyezi ndi munthu wogona kale. M'ngolo muli firiji, njinga, mapoto, katoni ya ku Mangochi ndi chitseko cha madala Chisale, chilichonse chalembedwa dzina langa ndi inki yaikulu. Sindinakhalepo ndi chuma chochuluka chonchi. Madala anabwera kudzaperekeza. Sanatsanzike ine, anasisita chitseko.

Galimoto yatsala kwa a Mbewe, pa njerwa, yopepuka, kumbuyo kwadzuka. Ikuoneka yosangalala.

Tangodutsa Pretoria ndipo ndikumva wuuu pansi pa mpando wanga. Kumanja, tayala lakumbuyo. Ndikudziwa. Sindiuza munthu. A Gwaza anati thumba ndi ine timasiyana poti ine ndimayankhula. Lero tafanana.

Loweruka ndidzalowa pa mpanda wogwetsedwa uja, pakatikati penipeni, wapansi, suti yositidwa, tsitsi lometa. Malo adzakwana. M'thumba la jekete ndatenga beringi yakale ya kutsogolo ija, yotsukidwa bwino, yokulungidwa m'kampango. Akadzafunsa kuti galimoto ili kuti, ndidzagwada mwaulemu, n'kuipereka ndi manja awiri.

Madala Chisale nyumba yonse anaitumiza chonchi, chidutswa chidutswa. Galimoto ingakanike bwanji?